Kuwenga Zikhadabo za Fomani

Lachiwiri chikhadabo chake chinakola ulusi wa katani,
anapachikika chadodolido, mapiko phaphapha,
akukalipa m'mawu a bambo anga.
Ndiye lero Loweruka, chiperoni chitameza phiri la Bangwe,
ndatseka mawindo, ndakhoma chitseko,
ndapirikitsa mphaka wa a Namakhwa pakhonde.

Fomani ndi chinkhwe.
Bambo anabwera naye chaka chomwe anapuma ntchito ya njanji ku Limbe,
ndipo chuma chimene anatisiyira n'chomwechi:
wailesi yomangidwa ndi mphira, ovolosi ziwiri,
ndi mbalame yodziwa kukhosomola ngati iwo.

Patebulo ndayala zida ngati namwino:
thaulo lakale, chowengera chopukutidwa ndi sipiriti,
kasosala ka ufa woyera,
osati wophikira, wodikira ngozi.
Ndaziona, mwana wanga wa Sitandade 6,
wagwira foni ndi manja awiri, tochi ili ngwee.

Kumufunditsa thaulo n'kumupempha,
si kumugwira ngati wakuba wa mumsika.
Chala chachikulu uku, chamkombaphala uko, m'mbali mwa mutu,
pachifuwa osafinya ayi:
mbalame imapuma ndi chifuwa chonse,
ukaikumbatira kwambiri umaikumbira dzenje madzulo.
Mtima wake ukugunda m'dzanja langa
ngati njinga yamoto yodikira munthu pasiteji.

"Unika apa."
Kuwala kukalowa m'chikhadabo
mumaoneka kamthunzi kofiirira,
kamtsempha kobisala ngati chingwe m'kandulo.
Pamenepo ndiye pamalire.
Ine changa n'kansonga kokha,
kosafika ndi theka la njere ya mpunga.
Thyo! Chimodzi.
Ziwiri zoloza kutsogolo, ziwiri zoloza kumbuyo,
phazi lomwe silinasankhe kolowera.

Manja angawa ntchitoyi amaidziwa.
Ku Gulupu, wodi ya amuna, bedi la pafupi ndi zenera,
ndinawenga za kumapazi kwa bambo,
zachikasu, zolimba ngati nyanga ya mbuzi,
iwo maso ali kudenga, manyazi,
poti mwana wamkazi wawagwira mapazi anthu akuona.
"Pang'onopang'ono, mayi," anatero,
"sitima sithamanga pamlatho."

Ndinali komweko, ku wodi,
pomwe chowengera chinaluma chachisanu ndi chimodzi.
Fomani kukuwa! Kadontho kofiira pathaulo,
kenaka kena.
Tochi ikuvina kukhoma, Ndaziona misozi mbwee:
"Amayi, mwamupha!"
Sindinamuphe. Nditsina ufa, ndikanikiza pansonga,
tiwerenge limodzi, mwanawe, mokweza,
wani, thuu, mpaka sikisite, osasuzumira.
Magazi a mbalame ndi ochepa,
onse sangadzaze chikho cha mankhwala a chifuwa,
choncho dontho lililonse ndimalimva ngati ngongole.

Ufa wauma, wasanduka kachipewa kofiirira.
Zatsala ziwiri. Zidikire sabata ya mawa.
Mantha nawo ali ndi mtsempha wake,
ukadula mopitirira sabwereranso padzanja.

Ndamasula thaulo.
Wadzikutumula, nthenga nyankhalala,
wakwera nthambi yokhakhala ya bulugamu
yomwe ndamuikira kuti azinola yekha,
watifulatira.
Mtedza wakana. Kagawo ka papaya wakaponya pansi.
Ine ndikusesa tinsonga tisanu ndi kamodzi
tomwe tonse pamodzi sitingalemere ngati batani,
koma msana wanga thukuta lokhalokha m'mwezi wa Julaye.

Chakumadzulo nkhungu yayamba kusefukira m'mipata ya chitseko.
Kutali, cha ku Limbe, sitima ya katundu yalira.
Fomani wapendeketsa mutu,
wayesa phazi lopwetekalo pamtengo, lagwira.
Wakhosomola kawiri, chifuwa chija cha fodya ndi dizilo,
n'kufunsa, "Mayi, tiyi wapsa?"

Ndatereka ketulo.
Ndaziona ndiye waona kuti ndatulutsa makapu atatu,
koma sananene kanthu,
wangothira shuga mu onse.